Kuweta Miyala ya Apongozi

Lolemba

Anyamuka m'mawa uno. Taonga kumpando wakumbuyo atagwila mimba ndi manja onse, amuna ake pachiwongolelo. Adokotala akuti mwana wakhala chopingasa, ndiye akachilile ku Chipata. Ambuye, mwana wanga woyamba, mimba yake yoyamba. Muwapenyelele.

Ine ndatsala ndi nyumba yawo kuno ku boma. Makiyi ali pamfundo ya chitenje.

Ndiulule msanga lisanalowe dzuwa: ntchitoyi ndachita kulimbilana. Asebele, amayi awo a apongozi angawa, amuna a Taonga, amafuna abwele kuchoka ku Magodi adzasunge nyumba ndi iwo. Ndipo tonse tikudziwa, ngakhale palibe wanena: wosunga nyumba sabata ino ndiye adzagona m'chipinda cha alendo mwana akabwela, ndiye adzamusambitsa. Chipinda n'chimodzi. Agogo tilipo awili. Asebele pafoni, akukayika ngati ndingazikwanitse: "Kasi mungakwaniska, na vinthu vyawo vya mu maji vila?" Ine: ndalela ana asanu, ndaweta nkhuku zachizungu, ndasunga nazale ya fodya mvula itakana. Miyala ingandikanike?

Kunyada kumeneko, Ambuye. Ndipo kumakoma m'kamwa.

Zosunga:
nkhuku za Taonga (zimadzisunga zokha)
maluwa a pakhonde
thanki

Thanki! Bokosi lagalasi pabalaza, lalitali ngati benchi ya kwaya. Madzi ake amchele, mchele wogula m'ndowa ku Lusaka, osati wandiwo. Mkati muli tinsomba tiwili tofiilila tamizele yoyela. Muli miyala yanthambi ngati tchile, ina yakhofi, ina yobiliwila, apongozi amati makolali. Mulinso chinthu chonga duwa lalikulu la zala zambili zofewa, amati anemoni. Ine ndachitcha Chiduwa. Tinsombato timagona m'zala zakezo ngati ana m'bulangete.

Akuti zonsezi n'zamoyo, ndi miyala yomwe. Akuti zimadya kuwala. Osati gaga, osati msipu. Kuwala! Nyale yake yalendewela pamwamba, yaphwatalala ngati thileyi, ndipo pambali pali kabokosi ka mabatani ndi zingwe.

Vuto ndi ili. Apongozi andilangiza asananyamuke. Koma mpongozi suyang'anana naye kumaso, sukhala naye pafupi. Ndinaleledwa choncho, iwonso kwawo n'chimodzimodzi. Ndiye ine ndakhala pansi pakhomo la kukhitchini, maso pachitenje. Iwo agwada uko pathanki, atandifulatila mwaulemu, akuuza Taonga kuti andiuze. "Malaiti akapita n'kubwela, akanikize aka. Kenako aka, mpaka apa. Koma aka asakhudze." Taonga wangoyamba, "Akuti mukanikize..." pomwepo msana wamugwila, tonse tathamangila zikwama.

Zimene ndikudziwa tsono: aka, aka, apa. Ndi aka kosakhudza. Mabataniwo ndi ofanana ngati nyemba za m'thumba limodzi.

Madzulo nyale yazilala yokha pang'onopang'ono mpaka kuzima. Ili ndi nzelu zake. Mwina malaiti sapita sabata ino. Ndapemphelela zimenezo, pambuyo pa Taonga.

Lachiwili

Malaiti apita.

M'mawa wonse thanki ili bii. Kapampu koyendetsa madzi kokha ndi kamene kakung'ung'udza, poti kali ndi batile yake. Ndikusesa, ndikusuzumila. Ndikukolopa, ndikusuzumila. Miyala yanjala imaoneka bwanji?

Masana abwela. Nyale siyikuyaka. Kabokosi kakungophethila kadiso kofiila, kundiyang'ana ngati mphunzitsi amene wafunsa funso.

Ndasankha batani lapamwamba, poti zabwino zimachokela kumwamba.

Mayo! Buluu! Balaza lonse buluu, makatani buluu, manja anga buluu, mano pakalilole akuwala ngati si anga. Miyala ija yayaka mitundu ngati majekete a anthu okonza msewu. Kukongola kulipo, sindikana. Koma nyumba ikuoneka ndendende ngati bala ija ya kuseli kwa msika. (Sindinalowemo. Ndimangodutsa, maso kutsogolo.)

A NyaZimba, oyandikana nawo, amene timavala nawo bulauzi yoyela ya amayi a mpingo, atulutsa mutu pampanda: "Monile amama! Mwatsegula bizinesi? Tibwele ndi mabotolo athu?"

Ndaseka ndi mano okha. Ine, mlembi wa amayi a mpingo! Ndatseka makatani onse.

Ndaimbila Taonga kuti andikumbutse za aka ndi aka. Wayankha si Taonga. Apongozi! Ndadzidzimuka ndili chogwada pasimenti, foni kukhutu, m'nyumba mopanda munthu. Moni. Mwafika bwanji. Odwala ali bwanji. Akupumula, amama. Kunyumba kuli bwanji. Nkhuku zili bwanji. Ndiyeno iwo, ndi mawu otopa a munthu wogona pabenchi ya chipatala: "Nanga m'madzimo, amama?"

"Zonse zili bwino, adada."

Latuluka lokha, losalala ngati linadzozedwa mafuta. Ndikanatani? Mpongozi sumukokela nkhani pafoni ngati mnzako wa kuchigayo. Komanso kufunsa ndiye kuvomela kuti sindinamve, ndipo mawa lake zifika ku Magodi.

Machimo a lelo:
bodza limodzi lathunthu
kufunila a NyaZimba khosi louma
kukondwela ndi buluu pang'ono

Lachitatu

Chiduwa chayenda!

Dzulo chinali pamwala wakumanzele. Lelo chili pakati, chakakamila mwala wina. Palibe wachinyamula. M'nyumba muno ndili ndekha. Duwa loyenda! Ndakhala pansi, ndaimba nyimbo ya chitsitsimutso mpaka mtima kubwelela m'malo mwake.

Kenako ndakumbuka kuti ndine munthu wa kusekondale. Sayansi tinaphunzila: nyemba ukaibzala m'kachitini n'kuibisa m'kabati, imapendekela kumene kukuchokela kuwala. Ndiye Chiduwa sichinalodzedwe. Chikufuna chakudya. Chili ndi njala, chayamba ulendo, monga aliyense.

Ndipo n'zomveka. Buluu si kuwala. Buluu ndi mdima wovala suti. Ndani anaumitsapo chimanga pa kuwala kwa buluu? Mwina apongozi amaikonda chifukwa cha unyamata. Miyalanso ndikaiyang'anitsitsa ikuoneka yakuda, yathope, ngati mapoto a mbeta yaulesi.

Ndakanikiza batani lachiwili osachotsa chala. Buluu akuchepa, kuyela kukukwela, kukukwela, kukukwela. Ndasiya pamene lasiya lokha. Kaya apa paja ndi pamenepa? Balaza lili ngwee ngati masana a Okutobala. Uku ndiye kuwala kwa anthu opemphela. Ndatsegula makatani onse kuti a NyaZimba aone. Sanatuluke. Anthu amangotuluka pa zoipa.

Taonga watumiza uthenga: akadali kudikila, miyendo yatupa, akufuna chikanda. Sanafunse za thanki. Inenso sindinamuuze. Mayi wapakati sumusenzetsa miyala.

Madzulo nyale siyinazilale ngati Lolemba. Yangoti ngwee. Ndaganiza zoizimitsa, koma pati? Kenako mtima wakhala pansi. Anapiye anga ndimawayatsila babu usiku wonse kuti azidya osalekeza, ndipo amanenepa mpaka kulephela kuyenda. Chodya kuwala ukachipatsa kuwala usiku ndi usana, chingadandaule?

Apongozi adzapeza miyala yonenepa. Asebele adzamva.

Lachinayi

Apitanso, kuyambila m'mawa. Lelo akhalitsa.

Thanki bii. Chiduwa chasunthanso, tsopano chili m'munsi, chakwinya zala. Njala imeneyo.

Thanki siyinyamulika, ndayesa kuikankha ndi chiuno. Ndiye ngati mwana sangapite kumunda, chakudya chimamulondola. Ndazula kalilole wamkulu wa kuchipinda kwa Taonga, ndaima naye pazenela, ndikutapa dzuwa panja n'kuliponya m'madzi. Zikutheka! Tinsomba tikuthawa, koma nsomba sizidya kuwala, zilibe mlandu pano. Dzuwa likamasuntha, ine ndikusuntha. Mapewa akuyaka.

Ndiye n'kuiwala kuti lelo ndi Lachinayi la amayi, ndipo tinapangana kuti adzapemphelela Taonga kunyumba kwake kuno. Andipeza chomwecho: chitenje chamasuka mbali imodzi, thukuta kamukamu, kalilole m'manja, ndikuyang'anitsitsa m'madzi.

Onse aima pakhomo, maso pa ine.

A NyaZimba: "Dzana buluu, lelo kalilole. Amama, tiyambe kupemphelela ndani?"

Ndafotokoza zonse. Kuti ndi nyama. Kuti zimadya kuwala. Kuti duwalo limayenda koma mwa sayansi. Pamene ndimafotokoza m'pamene zimaipilaipila. Amayi a kwa abusa angoti, "Tiyeni tigwade." Tapemphela bwino ndithu, za Taonga, za anamwino, za mwana kuti atembenuke. Koma nditatsegula diso limodzi ndapeza maso ena anayi ali pa Chiduwa. Ndatsinzinanso msanga. Amene waona mnzake naye anapenya.

Potuluka, agogo NyaBanda, amene samva bwino, agogoda galasi ndi ndodo: "Kudya osatafuna, kugona osalima. Izi zafika kale kumwamba."

Dzuwa litapendeka malaiti abwela, nyale ngwee. Koma nanga chakudya cha m'mawa chimene zaphonya? Ndapalasa njinga mpaka kwathu, ndakatenga babu la anapiye, lija lalikulu lotentha. Ndalimangilila kumpini wa tsache, tsache pa mipando iwili, babu pamwamba pa madzi penipeni. Zidye za m'mawa ndi za madzulo pamodzi.

Ndaviika chigongono. Madzi ali ofunda bwino, ngati osambitsila khanda. Ndi kuzizila kwa kuno, zithokoze.

Nsonga za miyala zayamba kuyela. Litsilo likuchoka!

Lachisanu

Zayela! Mbee! Nthambi zonse zapamwamba ngati ufa wa pamphasa. Ina yatsala ndi khofi pang'ono m'munsi, koma ifika. Chaka chonse apongozi akuweta miyala yathope, ine masiku owelengeka basi. Ndavina pang'ono pabalaza. Ambuye, munaona, sindibisa.

Ndajambula chithunzi, babu ndi tsache zikuoneka bwino, ndatumiza pafoni ya Taonga. Pansi pake ndalemba: Auze apongozi asade nkhawa.

Foni ikuonetsa kuti wina akulemba. Wasiya. Akulembanso. Wasiya. Kenako kwabwela mawu awili okha: "Zikomo amama." Amenewo si malembedwe a Taonga. Taonga salemba zikomo.

Posakhalitsa uthenga wamawu. Taonga, akupuma ngati wakwela phili, kumbuyo kukumveka mawilo a bedi: "Amama, zimitsani! Chotsani chibabucho! Zikayela ndiye kuti zikufa! Mtundu uja si litsilo, ndi tizinthu tamoyo tokhala m'thupi mwake, ndi timene timaziphikila chakudya ndi kuwala. Kuwala kukachuluka, madzi akatentha, zimatilavula. Zimafuna buluu uja, woyela pang'ono, usiku zigone mumdima. Munthu ali panja apa wagwila mutu, sakudziwa kuti alilile chiti. Amama, mwati tsache? Mayo, dikilani..."

Wathela pomwepo.

Mwana wanga ali pakati pa imfa ndi moyo, akuphunzitsa amake sayansi.

Ndazula babu, landiwotcha chala, ndalandila monga chilango. Ndazimitsa chilichonse chokhala ndi kabatani. Chilichonse. M'nyumba mwangoti zii, bata lokoma ngati m'tchalitchi Lolemba. Ndakhala pansi kulila. Podzuka, tinsomba tili pamwamba pa madzi, tikamwa tikutsegula, kutseka, kutsegula, ngati kwaya yopanda mawu. Madzi aima. Kung'ung'udza kuja kulibe.

Kapampu!

Ndayatsanso kamodzikamodzi mpaka kayamba kulila. Tinsomba tatsika.

Tsono ndakadziwa aka kosakhudza. Ndakadziwa pokakhudza.

Chiduwa sichikuoneka paliponse. Ndayang'ana kutsogolo, m'mbali, ngakhale pansi pa tebulo, poti chinthu choyenda sungachiikile malile.

Ndasala chakudya chamadzulo. Theka chifukwa cha Taonga, theka chifukwa cha miyala. Ambuye agawe okha.

Loweluka

Wabadwa! Mtsikana! Anatembenuka yekha pomaliza, adokotala sanachite kung'amba. Taonga ali bwino. Ndalulutila pakhonde mpaka nkhuku kubalalika. A NyaZimba adumpha ngalande kudzandikumbatila, ndawakhululukila zonse za sabata ino, ngakhale khosi lija ndalibweza.

Akuti abwela mawa.

Mawa.

Ndalowanso m'nyumba. Pabalaza pali kafungo ngati pamsika wa usipa mvula itagwa. Nthambi ziwili zikusupuka, kanyama kake kakuyandama ngati ulusi. Nyale tsopano ikudziwa zinthu ziwili zokha, ngwee ndi bii. Buluu ndamufunafuna, wakana kubwela. Lachiwili ndimamutcha wa kubala, lelo ndikumupempha chogwada. Ndikazimitsa, zotsalazo zifa ndi njala. Ndikayatsa, zipsa. Ndayatsa. Ndazimitsa. Ndayatsa.

Masana, hodi pakhomo. Asebele! Atsika panjinga yahayala ndi chikwama chachikulu, thumba la nshawa, tambala womanga miyendo. Chikwamacho si cha munthu wodzagona usiku umodzi.

Tapatsana moni wautali, tavina, talila. Alowa pabalaza, aima pathanki, manja kumbuyo. 

"Vyatowa! Mwachapa makola, asebele. Kale vikaŵa vyakubinkha."

Akuti zakongola, ndatsuka bwino, kale zinali zauve. Ndiye si ine ndekha! Agogo awili, nzelu imodzi. Ndangoti yewo.

Koma akuti chinthu chodula chotele sichikhala pamtunda, fumbi lilowa, komanso nyaleyo iwawa mwana m'maso. Avundukula tivi, atenga nsalu yake yoluka ija yamabowomabowo, ayala pamwamba pa thanki, pansi pa nyale. Mkati mwachita kamthunzi ngati pansi pa mtengo wa mango.

Apa ndipo Satana wakhala pambali panga pasofa. Akuti: waona? Akhudza. Wawaona ndi maso ako. Mawa ukangoti "asebele anaphimba," osawonjezela kanthu, si bodza ayi. Mwana sakalipila amake. Iwe chipinda n'chako.

Ndamumvetsela nthawi yaitali kuposa mmene ndimamvetsela ulaliki. Amalankhula bwino.

Tagona tonse pamphasa pabalaza, ine ndi asebele. Chipinda cha alendo palibe walowamo. Chikwama chawo chili pakhomo pake, changa chili pambali, ngati ziwili zikudikila adokotala.

Lamulungu

Kutchalitchi m'mawa. Abusa alalikila za china chake, koma ine ndimangomva tsache, babu, kalilole.

Afika dzuwa litapendeka. Mwanayo! Tsitsi lambili, zala zazitali ngati za malemu agogo ake aamuna, kukamwa kwa Taonga. Ndamunyamula ndisanasambe m'manja bwinobwino, asebele andiyang'ana, ndamupeleka.

Anthu atachepa, ndakakhala pamalo panga, pakhomo la kukhitchini, maso pachitenje. Ndaitana Taonga. Ndati uwauze apongozi zonse: kuti Lolemba sindinaone kanthu koma maluwa a chitenje changa, kuti Lachiwili ndinanama ndili chogwada, za batani lachiwili, za usiku wosazimitsa, kalilole, babu la anapiye, kapampu. Kuti asebele afika dzulo zonse zitatha kale, iwo alibe mlandu. 

Taonga watembenuka, wauza amuna ake: "Akuti pepani."

Ulaliki wanga wonse, mawu awili!

Ndikuona nsapato zokha. Nsapato zapita pathanki. Zaima. Zaima nthawi yaitali. Chidendene chimodzi chadzuka, chabwelela. Kabatani kalila katatu, tii, tii, tii, simenti yonse yasanduka buluu. Katatu basi! Kenako mawu, otsika: "Uwauze amama kuti zikomo. Nsomba zili moyo."

Ulemu umene wapha miyala ndi womwewo ukuwatseka pakamwa. Akanakhala mwana wanga wobala akanakalipa, ine n'kukalipanso, pofika madzulo tatha. Koma zikomo ameneyu ndidzayenda naye mpaka kumanda.

Mwadzidzidzi nsapato zadumpha. "Taonga, taona! Anemoni!" Ndaiwala mwambo, ndadzutsa maso mpaka m'mawondo awo. Chiduwa chatuluka kuseli kwa mwala kumene chinabisala, chotuwa ngati wodwala malungo, koma chatambasula zala, tinsomba tili mkati. Sichimafuna chakudya ayi masiku onsewa. Chimathawa ine.

"Nsalu iyi waika ndani? Mthunzi umenewu ndi umene wachitulutsa."

Asebele, ali ndi mwana m'manja: "Ndine, mwana wane."

Sananene kuti amaopa fumbi. Inenso sindinanene. Limenelo ndi tchimo lawo, akaulule okha.

Palibe walankhula za chipinda. Ndanyamuka ndekha, ndatenga chikwama cha asebele, ndakachiika pabedi la alendo, ndayala ndi bulangete. Ine ndizibwela m'mawa panjinga kudzachapa matewela. Amenewo akayela mbee palibe amene amalila.

Ndikumanga katundu pakaliyala ya njinga, Taonga wabwela ndi kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Nthambi imodzi ya kolali, youma, yoyela, yopepuka. "Akuti mutenge, poti munaikonda yoyela."

Kaya amaseka, kaya amalila, kaya n'chikondi. Ndingadziwe bwanji? Nsapato sizionetsa.

Ndauika mwalawo pakabati kwathu kuno, pakati pa makapu a alendo. Malaiti apitanso. Uli phee, ulibe nazo kanthu.

Uwu wokha, asebele, ningakwaniska.